Msonkho ku America: mafunso ndi mayankho pa za mafomu, refund ya ku state ndi kupempha nthawi yowonjezera

Januwale akangotha, Amalawi ndi ena olankhula Chichewa okhala ku United States amayamba kufunsana mafunso omwewomwewo, kutchalitchi, kuntchito ndi pa WhatsApp. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofuna kukhala pansi. Ziwerengero zambiri za msonkho zimasintha chaka ndi chaka, choncho pomwe tatchula ndalama tatchulanso chaka chake.

Abwana anga amadula kale msonkho pa malipiro. N'chifukwa chiyani ndilembenso mafomu?

Kumudzi tinazolowera PAYE: abwana adula, apereka ku MRA, nkhani yatha. Ku America zimene abwana amadula ndi zongoyerekeza, potengera zomwe munalemba pa fomu ya W-4 tsiku loyamba ntchito. Chaka chikatha, inuyo ndiye muwerengetse zonse zomwe mwapeza kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Disembala, muone msonkho weniweni, ndi kuufananitsa ndi zomwe zinadulidwa. Akakhala kuti anadula zambiri, boma likubwezerani, ndiyo refund ija. Akakhala kuti anadula zochepa, muwonjezera.

Ndiye kuti mbali yaikulu ya refund ndi ndalama yanu yomwe, imene boma linakusungirani popanda chiwongoladzanja. Ngati chaka chilichonse mumalandira yambiri koma mwezi ndi mwezi lendi ikukupanikizani, lembaninso W-4 kuti azidula zocheperapo.

Kodi aliyense ayenera kutumiza mafomu?

Zimatengera ndalama zomwe mwapeza, zaka zanu, ndiponso ngati muli pabanja. Kwa ambiri malire ake amafanana ndi ndalama imene boma silidulapo msonkho, yotchedwa standard deduction. M'chaka cha msonkho cha 2025 inali $15,750 kwa munthu yemwe sali pabanja ndi $31,500 kwa banja lolembera limodzi.

Odzilemba okha ntchito malire awo ndi otsika kwambiri. Woyendetsa Uber, wopereka zakudya za DoorDash, woluka tsitsi kunyumba kapena wosamalira okalamba amene amalipidwa popanda kudulidwa kanthu, phindu lake likangofika $400 pachaka ayenera kutumiza. Ngakhale mutakhala pansi pa malire, tumizanibe ngati abwana ankakudulani, chifukwa palibe njira ina yoti ndalamayo ibwerere.

Tsiku lomaliza ndi liti?

Ndi 15 Epulo. Tsikulo likagwera Loweruka, Lamlungu kapena pa holide, limasunthira ku tsiku logwira ntchito lotsatira. Ma state ambiri amatsata tsiku lomweli, koma si onse: Hawaii ndi 20 Epulo, Delaware ndi Iowa 30 Epulo, Virginia 1 Meyi, Louisiana 15 Meyi.

Ndisonkhanitse mapepala ati ndisanayambe?

Choyamba W-2, fomu yoonetsa malipiro anu a chaka ndi msonkho womwe unadulidwa, yochokera kwa abwana aliyense amene munamugwirira ntchito chakacho, ngakhale kumene munangokhalako milungu iwiri n'kusiya. Lamulo limati aitumize pofika 31 Januwale. Ambiri a ife timagwira mashifiti kumalo awiri kapena atatu, ndipo W-2 imodzi kuiwalika n'kosavuta. Vuto lake n'lakuti kope lake linapita kale ku boma, ndiye kompyuta ya IRS, ofesi ya msonkho ya boma lalikulu, idzaona kuti pali chosowa.

Kenako mafomu a 1099: 1099-NEC ya ntchito zodzilemba nokha, 1099-INT ya chiwongoladzanja cha kubanki, 1099-G ngati munalandira thandizo la anthu ochotsedwa ntchito. Ophunzira amalandira 1098-T kusukulu. Ogula inshuwalansi ya zaumoyo kudzera ku Marketplace, msika wa inshuwalansi wa boma, asaiwale 1095-A. Mukhalenso ndi manambala a Social Security a onse amene muwalembe pafomu, nambala ya akaunti ya kubanki pamodzi ndi routing number yake, ndi mafomu a chaka chatha. Amene sangapatsidwe nambala ya Social Security amapempha nambala ya msonkho yotchedwa ITIN pa fomu ya W-7.

Federal ndi state zimasiyana bwanji? Si msonkho umodzi?

Ayi, ndipo mafunso ambiri a m'munsimu gwero lake ndi pomwepa. Boma lalikulu limatolera msonkho kudzera ku IRS, pa fomu ya 1040. State iliyonse ili ndi ofesi yakeyake, malamulo akeake ndi fomu yakeyake: ku California ndi Franchise Tax Board, ku New York ndi Department of Taxation and Finance, ku Maryland ndi ofesi ya Comptroller, ku Indiana ndi Department of Revenue. Pulogalamu ya pakompyuta imatumiza mafomu onse awiri mukangodina kamodzi, n'chifukwa chake anthu amayesa kuti apita malo amodzi. Amapita malo awiri, amawerengedwa ndi anthu osiyana, ndipo refund zake zimachokera m'matumba osiyana.

Ma state asanu ndi anayi satenga msonkho pa malipiro: Alaska, Florida, Nevada, New Hampshire, South Dakota, Tennessee, Texas, Washington ndi Wyoming. Wokhala ndi kugwira ntchito ku Dallas kapena ku Seattle amangolimbana ndi IRS. Kwina kuli gawo lachitatu: ku Indiana ndi ku Maryland county iliyonse ili ndi msonkho wake womwe umawerengedwa pa fomu ya state, ndipo mzinda wa New York nawo uli ndi wake.

Ndilembe 1040 kapena 1040-NR?

Apa musathamange. Nzika za America ndi onse okhala ndi green card amalemba 1040. Ena onse amawerenga masiku omwe akhala m'dzikolo: masiku onse a chaka chimene mukulemberacho, gawo limodzi mwa magawo atatu a masiku a chaka chatha, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a masiku a chaka chinacho. Akakwana 183, ndipo chaka chimene mukulemberacho munakhalamo masiku osachepera 31, IRS imakuonani ngati wokhala m'dzikolo pa nkhani ya msonkho, ndiye mumalemba 1040; akapanda kukwana, kawirikawiri mumalemba 1040-NR, fomu ya osakhala m'dzikolo.

Ophunzira a visa ya F-1 masiku awo sawerengedwa kwa zaka zisanu zoyambirira, ndiye ngati anapeza ndalama amalemba 1040-NR. Amatumizanso fomu ya 8843, ngakhale chaka chimene sanapeze ndi tambala yomwe. Wolemba 1040-NR wochokera ku Malawi salandira standard deduction ija, choncho refund yake imachepa, ndipo apa ndi pomwe ena amakopeka kulemba 1040 wamba poona kuti ikuonetsa ndalama zambiri. Musatero. Mapulogalamu ambiri otchuka sakhala ndi 1040-NR n'komwe. Funsani ku ofesi ya ophunzira akunja pasukulu panu, nthawi zambiri amakhala ndi pulogalamu yake. Chinanso: wophunzira wa F-1 wa m'zaka zisanuzi sayenera kudulidwa Social Security ndi Medicare pa ntchito yovomerezeka. Abwana akadula, apempheni abweze. Akakana, pali fomu ya 843.

Wa green card naye asayerekeze kulemba 1040-NR pofuna kuzemba msonkho wa ndalama zakunja. A zolowa ndi kutuluka atha kuona ngati mwavomereza nokha kuti simukhalanso ku America.

Ndilembe ndekha, kapena ndipite kwa odziwa?

Ngati muli ndi W-2 imodzi kapena ziwiri basi, mutha kulemba nokha. IRS Free File imapereka mapulogalamu aulere kwa opeza ndalama zosapitirira malire ena. M'chaka cha msonkho cha 2024 anali $84,000. Lowerani pa irs.gov penipeni, chifukwa mukapita mwachindunji ku kampaniyo mutha kupezeka mukulipira. Onaninso ngati fomu ya state ndi yaulere, poti ena amalipiritsa imeneyo. Palinso VITA, anthu ongodzipereka amene anaphunzitsidwa ndi IRS, omwe amathandiza opeza zochepa m'malaibulale ndi m'maholo a m'madera.

Mukapita kwa wolipidwa, akhale ndi nambala ya PTIN, imene IRS imapereka kwa olembera anthu mafomu, ndipo asayine dzina lake pafomu. Chaka chilichonse pamamveka za munthu amene "amatulutsa zambiri", ndipo anthu amapatsana nambala yake. Muthaweni amene akulonjeza refund yaikulu asanaone mapepala anu, amene malipiro ake ndi gawo la refund, amene akufuna kuti ndalama ifikire mu akaunti yake, kapena amene akukana kusayina. Zochuluka zimenezo zimachokera ku bizinesi yabodza kapena ana ongopeka, ndipo IRS ikadzafunsa patapita zaka ziwiri, idzafunsa inu amene munasayina. Werengani tsamba lililonse, ndipo kope lanu mutenge.

Refund ya IRS ndingaitsate bwanji?

Pa irs.gov pali Where's My Refund, ndipo pafoni pali IRS2Go. Imafuna zinthu zitatu: nambala ya Social Security kapena ITIN, m'mene munadzilembera pa za banja, ndi ndalama yeniyeni ya refund monga ilili pafomu, osati yongokumbukira. Mukatumiza pa intaneti, nkhani yanu imayamba kuoneka pakatha maola 24; mukatumiza papositi, pakatha milungu inayi. Imaonetsa masitepe atatu: alandira, avomereza, atumiza. Amaisintha kamodzi patsiku, ndiye kuyang'ana m'mawa, masana ndi usiku n'kungodzitopetsa.

Ambiri otumiza pa intaneti n'kusankha kuti ndalama ilowe kubanki amalandira asanathe masiku 21. Mafomu apepala amatenga milungu isanu ndi umodzi kapena kupitirira. Amene apempha Earned Income Tax Credit (thandizo la ogwira ntchito opeza zochepa) kapena Additional Child Tax Credit (thandizo la olera ana), lamulo la PATH Act la 2015 silimalola IRS kuwapatsa refund pasanafike pakati pa Febuluwale, ngakhale atatumiza tsiku loyamba. Kuyambira kumapeto kwa 2025 boma lalikulu layamba kusiya macheke apepala, choncho lembani akaunti ya kubanki, ndipo manambala ake muwawerenge kawiri.

Ya IRS yalowa, koma ya state kuli zii. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri palibe chalakwika. Monga tanenera pa funso la federal ndi state, awa ndi maofesi awiri, ndipo Where's My Refund ya IRS sidziwa kanthu za state. Kuimbira IRS n'kutaya nthawi. Pitani pa tsamba la ofesi ya msonkho ya state yanu: ku Indiana ndi INTIME, ku Massachusetts ndi MassTaxConnect, ku Georgia ndi Georgia Tax Center, ndipo ena ali ndi malo ofananawo. Onetsetsani kuti ndi tsamba la boma lenileni, lomwe kawirikawiri limathera ndi .gov.

Cholakwika chomwe anthu amachita kwambiri ndi kulemba ndalama ya refund ya federal pamalo ofuna ya state. Kompyuta imayankha kuti sikukudziwani, mtima n'kuyamba kugunda. Tsegulani fomu ya state, mupeze mzere wa refund, mulembe imeneyo. Ma state ena amafunsanso ZIP code kapena chaka cha msonkho.

Ikachedwa zenizeni, zifukwa zake n'zodziwika. Ma state ambiri amayamba atsimikiza kuti wotumizayo ndinudi, makamaka ngati n'koyamba kutumiza kumeneko kapena mwasintha adiresi ndi banki. Amalemba kalata yofuna kuti muyankhe mafunso angapo pa intaneti kapena mutumize kope la W-2 ndi chiphaso. Kalatayo ikapita ku nyumba yomwe munasamukako, refund imangokhala osayenda. Mwina abwana anachedwa kutumiza W-2 ku state, ndiye alibe chofananitsa. Mwinanso fomu ya state inakanidwa pomwe ya federal inalandiridwa: fufuzani mu imelo, payenera kukhala mauthenga awiri ovomereza, osati umodzi. Chimene simuyenera kuchita ndi kutumizanso fomu yachiwiri, chifukwa zimenezo zimangosokoneza.

Refund yabwera, koma yochepa kusiyana ndi yomwe ndinawerengera.

Pali ziwiri. Mwina akonza masamu anu kapena akana china chimene munapempha, ndipo kalata yofotokoza ikubwera. Mwinanso aigwira chifukwa cha ngongole. Kudzera mu Treasury Offset Program, refund ya federal itha kudulidwa kuti ilipire ndalama zothandizira ana zomwe khoti linagamula, msonkho wa state wakale kapena ngongole ina ya boma. Ma state nawonso amachita chimodzimodzi ndi refund zawo. Kalata imatchula ofesi yomwe yatenga ndalamayo, ndipo ngati mukutsutsa, kadandauleni kumeneko.

Sindikwanitsa pofika 15 Epulo. Ndingapemphe bwanji nthawi yowonjezera?

Tumizani fomu ya 4868 tsikulo lisanadutse, ndipo mudzakhala ndi mpaka 15 Okutobala. Safunsa chifukwa, ndipo palibe kalata yovomera yomwe muidikire. Mutha kuitumiza kwaulere pa Free File ngakhale mumapeza zambiri. Njira yachidule kuposa apa ndi kulipira kangachepe pa IRS Direct Pay n'kusankha kuti malipirowo ndi a extension. Mukatero fomu ya 4868 sifunikanso. Sungani nambala yotsimikizira.

Kupempha nthawi si mlandu, ndipo n'kwabwino kusiyana ndi kutumiza zinthu zosakwanira chifukwa cha phuma. Okhala m'madera momwe mwagwa ngozi monga mphepo yamkuntho kapena moto, boma likalengeza, IRS imawasunthira masiku popanda kupempha.

Ndiye kuti ndikhozanso kulipira mu Okutobala?

Ayi. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Nthawi yowonjezera ndi ya mapepala okha. Ndalama tsiku lake ndi 15 Epulo lomwe lija. Fomu ya 4868 imafuna kuti muyerekeze msonkho wanu wonse, muchotse zomwe zinadulidwa kale, ndipo chotsalacho mulipire. Chilichonse chosalipidwa chimayamba kubala chiwongoladzanja kuyambira tsikulo, ndipo chimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Mukakhala kuti mwalipira 90 peresenti pofika Epulo ndipo zotsalazo mwamaliza potumiza mafomu, chindapusa cha kuchedwa kulipira sichikukhudzani, koma chiwongoladzanja chilipobe.

Ngati boma ndi lomwe likuyenera kukubwezerani, palibe chindapusa. Kungoti refund yanu ichedwa mpaka mutatumiza.

Kodi fomu ya 4868 imagwiranso ntchito ku state?

Zimatengera state, ndipo apa musamvere mnzanu wa state ina. California imapereka nthawi mpaka 15 Okutobala popanda kulemba kanthu. Virginia nayo imapereka miyezi isanu ndi umodzi osapempha. Indiana imalemekeza extension ya federal ndipo imawonjezerapo mwezi, mpaka pakati pa Novembala. Amene sanapemphe ku IRS amalemba fomu ya IT-9. New York ndiye imafuna fomu yakeyake, IT-370, ngakhale mutapempha kale ku IRS. Chofanana konseku n'chakuti ndalama za state zimafunika pa tsiku loyambirira, monga tafotokozera pamwambapa.

Ndawerengera, ndili ndi ngongole, koma ndalama ndilibe. Ndidikire kaye?

Tumizani mafomu pa nthawi yake ngakhale mulibe kalikonse m'thumba. Zindapusa zilipo ziwiri, ndipo zimasiyana kutali. Kusatumiza mafomu ndi 5 peresenti ya ngongoleyo mwezi uliwonse, mpaka 25 peresenti. Kutumiza koma osalipira ndi 0.5 peresenti pamwezi. Tinene kuti muli ndi ngongole ya $2,000: mukabisala, ndi $100 mwezi uliwonse, mukatumiza mafomu n'kunena kuti mulibe, ndi $10 pamwezi kuphatikiza chiwongoladzanja.

Kenako pemphani kulipira pang'onopang'ono. Pa irs.gov mutha kusankha kumaliza m'masiku 180, kapena kulipira mwezi ndi mwezi kwa nthawi yaitali. Papepala ndi fomu ya 9465. Ngati zaka zitatu zapitazo munalibe vuto lililonse, pemphani kuti akukhululukireni chindapusa choyamba, amatero kawirikawiri. Ma state ambiri alinso ndi dongosolo lolipira pang'onopang'ono, koma mukapemphe padera.

Odzilemba okha ntchito ndi omwe amakonda kudzidzimuka mu Epulo, chifukwa kuwonjezera pa msonkho wamba amalipira 15.3 peresenti ya Social Security ndi Medicare. Mankhwala ake ndi kulipira kanayi pachaka: 15 Epulo, 15 Juni, 15 Seputembala ndi 15 Januwale.

Pa 15 Epulo ndidzakhala ndili kumudzi. Ndinamva kuti okhala kunja amapatsidwa mpaka Juni.

Zoona, koma ndi za nzika ndi a green card amene amakhala ndi kugwira ntchito kunja kwa America. Iwowo ali ndi mpaka 15 Juni osapempha, ngakhale chiwongoladzanja chimayambabe mu Epulo. Amene wangopita ku Lilongwe kutchuthi, ku ukwati kapena kumaliro sali m'gulu limeneli. Tumizani mafomu kapena 4868 musananyamuke. Kudalira kuti mukalowa pa tsamba la banki kapena la boma muli kumudzi n'kudziika pachiswe, makamaka ngati nambala yachinsinsi yolowera imabwera pa foni ya ku America.

Ndimakhala state ina, ntchito ndimagwira state ina. Nanga amene anasamuka pakati pa chaka?

Lamulo lofala n'lakuti state yomwe mumakhala imafuna msonkho pa zonse zomwe mwapeza, ndipo state yomwe mumagwira ntchito imafuna pa zomwe mwapeza kumeneko. Mumalemba mafomu awiri, ndipo state yokhalayo imakuchotserani zomwe mwalipira kwinako. Wokhala ku New Jersey n'kumagwira ntchito ku New York amachita zimenezi chaka chilichonse, ndipo ayambe ndi fomu ya New York.

Ma state ena anagwirizana kuti munthu azilipira kumene amakhala kokha. Wokhala ku South Bend amene amawolokera ku Michigan kukagwira ntchito amalipira msonkho wa state ku Indiana basi, chifukwa Indiana ili ndi mgwirizano wotere ndi Michigan, Ohio, Kentucky, Pennsylvania ndi Wisconsin. Ndi Illinois ilibe, choncho wogwira ntchito ku Chicago alemba mafomu awiri. Maryland, Virginia ndi Washington, D.C. nawonso anagwirizana. Komabe abwana sangalote: muwalembere fomu yoti asakuduleni msonkho wa state yantchitoyo. Akadula kale, mulemba fomu kumeneko kuti akubwezereni, uku kwanu akukufunani ndalama.

Wosamuka pakati pa chaka amalemba m'ma state onse awiri ngati munthu amene anakhalako gawo la chaka, ndipo refund iliyonse aitsate pa tsamba lake.

Ndimalipirira ana sukulu ndi kusamala makolo kumudzi. Ndingawalembe pafomu?

Funso ili limapweteka, chifukwa ndalama zimapitadi, mwezi ndi mwezi. Koma lamulo limati munthu womulemba kuti amadalira inu akhale nzika ya America, wokhala ku America, kapena wokhala ku Canada kapena Mexico. Mayi amene ali ku Dedza kapena mwana wa mchemwali amene ali pasukulu ku Zomba salowa, ngakhale muli ndi malisiti onse a Western Union. Child Tax Credit imafunanso kuti mwanayo akhale ndi nambala ya Social Security ndipo akhale nanu kupitirira theka la chaka.

Ndalama zotumiza kwa abale ndi mphatso, ndipo sizichepetsa msonkho wanu. Zopereka ku mpingo kapena sukulu ya kumudzi mwachindunji nazonso sizichotsedwa, pokhapokha zitadzera ku bungwe lolembetsedwa ku America. Mukapatsa munthu mmodzi zopitirira malire a chaka, omwe mu 2025 anali $19,000, mumalemba fomu ya 709, ngakhale nthawi zambiri simulipira kanthu.

Akazi anga kapena amuna anga adakali kumudzi. Ndidzilembe kuti sindili pabanja?

Ayi. Ngati munali pabanja lovomerezeka pa 31 Disembala, ndinu wapabanja. Mutha kulemba ngati wapabanja wotumiza payekha, kapena kusankha kulembera limodzi. Njira yachiwiriyi imachepetsa msonkho kawirikawiri, koma mnzanuyo afunika ITIN, asayine nawo, ndipo ndalama zomwe amapeza kumudzi zilembedwenso. Ngati mukukhala ndi mwana wanu ku America ndipo ndinu amene mukuyendetsa nyumba, onani ngati mungalembe ngati mutu wa banja. Kumbukirani kuti podzamuitanitsa mnzanuyo, fomu ya I-864 imafuna mapepala a msonkho a chaka chaposachedwa. Pepala lina likamati muli pabanja, lina likuti ayi, mudzakhala ndi zofotokoza.

Ndili ndi nyumba ya lendi ndi akaunti ya kubanki ku Malawi. IRS zikuikhudza?

Ngati mumalemba 1040, inde. America imafuna kudziwa ndalama zomwe mwapeza dziko lonse lapansi, ndiye lendi ya nyumba ya ku Area 25 imalembedwa, mutaisintha kukhala madola. Mumachotsapo zokonzetsera nyumba ndi zina zololedwa. Malawi ndi America alibe pangano la msonkho, koma msonkho womwe munalipira ku MRA pa ndalama yomweyo mutha kuuchotsa kudzera pa fomu ya 1116, choncho sungani malisiti ake.

Akaunti ndi nkhani ina. Ndalama za m'maakaunti anu onse akunja, mutaziphatikiza, zikapitirira $10,000 ngakhale tsiku limodzi lokha m'chakacho, mumalemba FBAR, yomwe ndi FinCEN Form 114. Sipita limodzi ndi 1040, imatumizidwa payokha pa intaneti, ndipo si msonkho koma kungodziwitsa. Tsiku lake ndi 15 Epulo, koma amawonjezera okha mpaka 15 Okutobala. Omanga nyumba kumudzi asamale: ndalama ya simenti ndi malata ikagona mu akaunti ya dzina lanu kwa mlungu umodzi, yawerengedwa.

Ndazindikira kuti ndinalakwitsa nditatumiza kale.

Lembani fomu ya 1040-X, koma ngati mukudikira refund, dikirani kaye ifike. Zokonza zimatha kutenga mpaka milungu 16, ndipo zimatsatidwa pa Where's My Amended Return. Masamu olakwika okha IRS imakonza yokha. Mukakonza ya federal, onani ngati ya state ikufunikanso kukonza, chifukwa manambala ake ambiri amachokera kumeneko.

Papita zaka ndisanatumize. Ndiyambire pati?

Tsegulani akaunti pa irs.gov, mupeze transcript ya malipiro. Imaonetsa ma W-2 ndi ma 1099 amene boma linalandira m'dzina lanu, ngakhale abwana akale anatseka kampani. Msonkho wa state womwe unadulidwa suoneka pamenepo, umenewo mufufuze kwa abwana kapena ku ofesi ya state. Chaka chilichonse chili ndi fomu yakeyake. Refund mungaipemphe mkati mwa zaka zitatu kuchokera pa tsiku lomwe mafomu ankafunika. Zikadutsa, ndalamayo imakhala ya boma. Ngongole ndiye sifa mwa njira imeneyi. Ofuna unzika adziwe kuti fomu ya N-400 imafunsa za msonkho, ndipo munthu amene anakonza zakale n'kuyamba kulipira pang'onopang'ono amakhala pabwino kuposa amene sanayambe.

Wina wandiimbira foni, akuti ndi wa IRS, ndilipire lero lomwe apo ayi andimanga n'kundibweza kwathu.

Dulani foni. IRS imayamba ndi kalata yapapositi, sifuna kulipidwa ndi makhadi amphatso kapena ndalama za crypto, ndipo siopseza munthu kuti apolisi ali m'njira. Mauthenga a pafoni kapena a imelo okhala ndi link yoti "mutsimikize refund" nawonso ndi a akuba, kaya akutchula IRS kaya state.

Kalata yeniyeni ili ndi nambala pakona, monga CP2000 ya ndalama zomwe simunalembe, kapena 5071C yofuna kutsimikiza kuti ndinudi. Imatchulanso tsiku loti muyankhe lisanadutse. Ngati mukukayika, musaimbe nambala imene mwapatsidwa pafoni. Lowani nokha mu akaunti yanu pa irs.gov muone ngati muli ndi ngongole. Muli momwemo mutha kupempha IP PIN, nambala ya manambala asanu ndi limodzi imene imasintha chaka chilichonse, kuti wina asatumize mafomu m'dzina lanu.